Kodi chochititsa manyazi kwambiri m'mbiri ya resilini ndi chiti?

Bambo Mbewe:
Moni nonse a pagulu lino. Ndikufuna tikambirane zinthu zimene zinachitika m'masewera a resilini a ku America zomwe mpaka lero munthu ukazikumbukira umagwira pakamwa, ndipo ine ndiyamba ndi nkhani ya Shockmaster. Pa 18 Ogasiti 1993 kampani ya WCW inali ndi chionetsero cha Clash of the Champions ku Daytona Beach m'chigawo cha Florida, chimene chinkaulutsidwa pompopompo pa wailesi yakanema. Sting ndi Davey Boy Smith anabwera pa pulogalamu yocheza ya Ric Flair kuti aulule munthu wachinsinsi amene adzawathandize mwezi wotsatira polimbana ndi Sid Vicious, Vader ndi anyamata awiri a Harlem Heat. Sting atangotchula dzina, moto unaphulika, ndipo chimunthu chachikulu chinaboola khoma la pasiteji kuti chitulukire mochititsa mantha. Koma m'munsi mwa khomalo munali thabwa lopingasa, choncho mkuluyo anapunthwa n'kugwa chafufumimba, ndipo chisoti chimene chinabisa nkhope yake chinavuka n'kugubuduzika pansi anthu onse akuona. Chisoticho chinali cha asilikali a mufilimu ya Star Wars chimene anangochimata zonyezimira, moti munthu akachivala sankaona bwino kutsogolo. Anachitola mothamanga n'kuchivalanso, kenako anayamba kuloza adani ake ndi chala ngati palibe chachitika, pamene mawu ake oopseza ankalankhula ndi Ole Anderson ali kuseri ndi maikolofoni. Munthuyo anali Fred Ottman, amene ku WWF, kampani yopikisana ndi WCW yomwe pambuyo pake inatchedwa WWE, ankadziwika kuti Tugboat kenako Typhoon, ndipo anali mlamu wake wa Dusty Rhodes, mwini maganizo onsewa. Ankafuna kumupanga chilombo choopedwa, koma zonse zinathera pa thabwa limodzi m'masekondi ochepa, ndipo kampaniyo inangoganiza zomusandutsa munthu wopunthwapunthwa woseketsa anthu. Ine ndikuona kuti palibe china choposa pamenepa.

Mayi Nachisale:
Bambo Mbewe, mwayamba bwino, koma ndikupempha kuti tisiyanitse ngozi ndi chisankho. Chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo Ottman sanadzuke m'mawa n'cholinga chokagwa. Manyazi enieni ali pa zinthu zimene akuluakulu anakhala pansi, n'kukambirana, n'kuvomerezana kuti n'zanzeru. Chitsanzo changa ndi David Arquette. Mu Epulo 2000, pa pulogalamu ya Thunder, WCW inapereka lamba wake wamkulu kwa katswiri wa mafilimu ameneyu, munthu wowonda amene sanaphunzirepo ntchito ya mubwalo, pofuna kutsatsa filimu yake ya Ready to Rumble. Lamba ameneyu ndi yemwe anthu ankamugwirizanitsa ndi Ric Flair, Sting, Vader ndi Ron Simmons. Njira imene anamupezera ndiyo inapweteka kwambiri: anakonza mpikisano wa awiriawiri, Arquette ndi Diamond Dallas Page mbali ina, Jeff Jarrett ndi Eric Bischoff mbali inayo, ndi lamulo lakuti aliyense amene apanikize mnzake pansi atenge lambayo. Arquette anapanikiza Bischoff, yemwenso sanali womenya weniweni, ndipo Page, amene anali mwini lambayo, anaonetsedwa akusangalala kuti mnzake wamulanda. Anakhala naye masiku 12 mpaka pa 7 Meyi pa chionetsero cha Slamboree. Chomvetsa chisoni n'chakuti Arquette mwiniwake, pokhala wokonda masewerawa kuyambira ali mwana, anauza Vince Russo, wolemba nkhani za masewero a WCW, kuti anthu sadzakondwa nazo, koma sanamumvere. Ndalama zimene analandira anazipereka ku mabanja a Owen Hart ndi Brian Pillman komanso kwa Darren Drozdov amene anapuwala mubwalo, choncho mlandu sindikuuika pa iye.

A Gondwe:
Ndikugwirizana ndi mayi pa kusiyanitsako, koma pofika nthawi ya Arquette nyumba inali itapsa kale. Moto unayatsidwa pa 4 Januwale 1999 ku Georgia Dome mumzinda wa Atlanta. Sabata imodzi m'mbuyomo, pa Starrcade, Kevin Nash anagonjetsa Goldberg mothandizidwa ndi Scott Hall amene anamugunda ndi ndodo yamagetsi, ndipo apa m'pamene panathera mndandanda wa kupambana kwa Goldberg umene kampaniyo inkati unafika pa 173. Anthu anadzaza bwalo la ku Atlanta, kwawo kwa Goldberg, atalonjezedwa kuti awiriwa abwerezanso. M'malo mwake olemba nkhani anakonza kuti Goldberg amangidwe ndi apolisi pa mlandu wonamiziridwa ndi Miss Elizabeth, ndipo malo ake anatenga Hulk Hogan, amene analowa mubwalo atavala zovala zoyendera. Belu litalira, anazungulirana pang'ono, Hogan n'kugunda Nash pachifuwa ndi chala chimodzi, Nash n'kudzigwetsa chagada ngati waombedwa ndi galimoto, woyimbira n'kuwerenga mpaka katatu. Kenako onse anadzuka akuseka ndi kukumbatirana. Munthu amene analipira tikiti yake usiku umenewo anauzidwa pamaso kuti lamba amene ankamuona ngati wamtengo wapatali ndi choseweretsa cha anthu awiri ogwirizana. Anthu ambiri amene amatsatira mbiri ya WCW amanena kuti kuchokera tsiku limeneli owonerera anasiya kukhulupirira malonjezo a kampaniyo, ndipo ine ndili nawo limodzi.

A Chirwa:
A Gondwe, mwasiya mbali imene imapweteka kuposa chalacho. Usiku womwewo Eric Bischoff, bwana wa WCW, anauza woulutsa Tony Schiavone kuti aulule zotsatira za pulogalamu ya Raw, imene WWF inali itajambuliratu pa 29 Disembala ku Worcester. Schiavone anauza anthu kuti asasinthe tchanelo chifukwa kumeneko Mick Foley, amene kale anali wa WCW, atenga lamba wawo, ndipo ananena zimenezi monyoza, ngati kuti palibe amene angafune kuonera zoterozo. Malinga ndi owerengera owonerera, nyumba pafupifupi 600,000 zinasintha tchanelo nthawi yomweyo kukaona Foley akugonjetsa The Rock. Ambiri a iwo anabwerera ku WCW Raw itatha mbali imeneyo, n'kupeza Nash akugwa ndi chala. Ndiye kuti usiku umodzi kampaniyo inatsatsa malonda a mdani wake kwaulere, kenako n'kuonetsa anthu chifukwa chosabwererera kwa iyo.

Bambo Mbewe:
Mfundo zanu ndazimva, koma musapeputse ngozi, chifukwa resilini yonse yatsamira pa chinthu chimodzi, chomwe ndi kuchititsa woonerera kuiwala kwa kanthawi kuti zonse zinakonzedweratu. Ngozi ikachitika pompopompo, chinsinsicho chimavulidwa, ndipo nthawi zina chimavula ndi bwana yemwe. Pa Royal Rumble ya pa 30 Januwale 2005 ku Fresno, mpikisano wa WWE umene munthu amatuluka akaponyedwa kunja kwa zingwe, John Cena ndi Batista anatsala awiri, ndipo anagwera kunja kwa zingwe nthawi imodzi pamene Batista ndiye amayenera kupambana. Oyimbira a Raw anakweza dzanja la Batista, a SmackDown, pulogalamu ina ya kampani yomweyo, anakweza la Cena. Vince McMahon anatulukira atakwiya, akuponya jekete lake, ndipo pamene ankalowa mubwalo mwaliwiro anavulala ntchafu, n'kulephera kuimirira. Mwini kampani yonseyo anakhala pansi atatambasula miyendo, atatsamira zingwe, akukalipira amuna akuluakulu amene anamuzungulira osadziwa choti achite. Pomatha usikuwo minofu ya ntchafu zonse ziwiri inali itang'ambika. Nanga Titus O'Neil ku Jeddah pa 27 Epulo 2018, amene anathamangira kubwalo, n'kupunthwa, n'kulowa yense pansi pa ringi? Oulutsa anaseka mpaka kulephera kulankhula, ndipo kampaniyo inabwereza chithunzicho kangapo usiku womwewo.

Nangozo:
Zikomo akuluakulu pondilola kuikapo mawu. Zitsanzo za Bambo Mbewe zikuthandiza mayi Nachisale, chifukwa Titus anaseka limodzi ndi anthu, ndipo kampaniyo inagulitsa malaya okumbutsa kugwa kwake. Palibe amene anamva kuti waberedwa. Pali gulu lina lapakati, pamene ngozi inachitika koma akuluakulu anali ndi mpata woipewa. Pa 7 Malichi 2021 ku Jacksonville, kampani ya AEW inakonza nkhondo ya Kenny Omega ndi Jon Moxley mubwalo lozunguliridwa ndi waya waminga wolumikizidwa ku zophulika, ndipo kwa masabata angapo inkalengeza kuti pakatha mphindi 30 ringi yonse idzaphulika. Awiriwo anamenyanadi mpaka magazi. Nthawi itatsala pang'ono, Moxley ali chigonere atamangidwa manja, Eddie Kingston, amene anali mdani wake, anathamangira mubwalo n'kumuphimba ndi thupi lake kuti afere mnzake wakale. Wotchi inawerenga mpaka kumapeto, ndipo chimene chinatuluka ndi timoto tinayi m'makona ndi utsi pang'ono, ngati timakombola ta ana ta pa Khirisimasi. Kingston, pokhala anali atabisa nkhope, sanaone kuti zakanika, choncho anapitiriza kugona ngati wakomoka pamene anthu ankakuwiza. Munthu amene anagwira ntchito yake bwino kwambiri usiku umenewo ndi yemwe anaoneka wopusa. Ukalonjeza anthu olipira kuti bwalo liphulika, umayenera kukhala utayesa zida zako mokwanira.

Choipa kuposa apa chinachitika ku kampani ya TNA pa 13 Malichi 2011, pa chionetsero cha Victory Road ku Orlando. Jeff Hardy anachedwa kutuluka nyimbo yake ikulira, ndipo atatuluka zinali zoonekeratu kuti sanali bwino moti n'kugwira ntchito imene moyo wa mnzake umakhala m'manja mwake. Bischoff anabwera kudzanong'oneza awiriwo, Hardy anataya nthawi akuseweretsa malaya ake kuti awaponyere owonerera, kenako Sting anamugwetsa kamodzi n'kumupanikiza mwamphamvu zenizeni kuti asadzuke. Mpikisano waukulu wa usikuwo sunakwane mphindi imodzi ndi theka. Anthu atayamba kukuwa kuti zachabechabe, Sting anatembenuka n'kuwayankha kuti akugwirizana nawo. Funso langa ndi lakuti, ndani analola munthu wotero kudutsa katani? Kampaniyo inapepesa popatsa ogula mwayi woonera makanema ake akale kwaulere kwa miyezi 6, zomwe zikusonyeza kuti inadziwa kulakwa kwake.

Che Saidi:
Ine ndikufuna kubweretsa mbali imene mindandanda yambiri ya azungu imangoidutsa, koma ife tikuyenera kuimapo, chifukwa ambiri a ife tinaonera matepi amenewa m'mavidiyo sho tikuombera m'manja osaganizira chimene ankanena za ife. Ndikunena mmene makampaniwa ankaonetsera munthu wa ku Africa. Mu 1982 ku Memphis, Jerry Lawler ndi Jerry Jarrett anatenga James Harris, munthu wa ku Mississippi, n'kumutcha Kamala, chimphona cha ku Uganda. Anamujambula nyenyezi pachifuwa ndi mwezi pamimba, anamuveka kansalu ka kambuku, anamupatsa mkondo ndi chishango, ndipo ankamulengeza ngati wodya anthu amene sadziwa kulankhula. Ankayenda ndi womuweta wovala chigoba, ndipo mbali ina ya sewero lake inali yakuti sadziwa ngakhale kupanikiza mdani, moti ankamugoneka chafufumimba mpaka owonerera amuuze kuti amutembenuze.

Mu 1988 WWF inapitirira pamenepo. Inatenga George Gray, mzungu amene ankadziwika kuti One Man Gang, n'kulengeza kudzera mwa manijala wake Slick kuti wapeza mizu yake ya ku Africa ndipo dzina lake tsopano ndi Akeem. Mwambo womusandutsawo anaujambula m'kakhwalala kamdima, anthu odzipaka nkhope akuvina mozungulira mgolo woyaka moto, iye n'kutulukira atavala mkanjo wachikasu akugwedeza manja moseketsa. Polengeza kwawo ankati akuchokera mkatikati mwa Africa wamdima. Patapita zaka ziwiri anachitanso zomwezo kwa Tony Atlas, munthu amene mu 1983 iye ndi Rocky Johnson, bambo ake a The Rock, anakhala akuda oyamba kutenga malamba a awiriawiri a kampaniyo. Anamuveka nthenga kumutu, n'kumupatsa mkondo, n'kumutcha Saba Simba. Ngakhale Roddy Piper, amene ankaulutsa, sanapirire ndipo ananena poyera kuti ameneyu ndi Tony Atlas. Zimenezi sizinali ngozi ya usiku umodzi ngati ya Shockmaster, koma zinkachitika sabata ndi sabata kwa zaka, ana akugula zidole zake.

A Chirwa:
Che Saidi, zimene mwanenazi n'zoona, koma tisaiwale anthu amene anali mkati mwa zovalazo. Atlas wakhala akunena kuti pamene ankaitanidwa kudzakhala Saba Simba n'kuti alibe pogona, ndipo ntchitoyo inapulumutsa moyo wake. Harris nayenso anadya ndi dzina la Kamala kwa zaka zambiri, anamenyana ndi Hogan, André the Giant ndi Undertaker, ndipo ankalinyadira. Dandaulo lake lalikulu linali lakuti ankalipidwa zochepa poyerekeza ndi anzake amene ankamenyana nawo pa chionetsero chimodzimodzi. Atakalamba anadulidwa miyendo yonse iwiri chifukwa cha matenda a shuga, ndipo anamwalira mu Ogasiti 2020. Sindikutsutsa kuti zinali zonyazitsa, koma munthu wanjala sasankha chigoba.

Che Saidi:
Ndiye mfundo yanga imeneyo, achimwene. Ngati njira yokhayo imene munthu wakuda waluso akanapezera ntchito inali kunyamula mkondo, manyaziwo ndi a wolemba ntchito. Ndipo musaganize kuti zinatha kalekale. Kofi Kingston anabadwira ku Kumasi m'dziko la Ghana, koma atayamba kuoneka pa kanema mu 2008 ankamulengeza kuti ndi wa ku Jamaica, iye n'kumayesa kalankhulidwe ka kumeneko, mpaka chakumapeto kwa 2009 pamene anayamba kutchula dziko lake lenileni. Pa 7 Epulo 2019, pa WrestleMania 35, anagonjetsa Daniel Bryan n'kukhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kutenga lamba wa WWE, ndipo amene tinaonera pa SuperSport tikudziwa mmene zinakhudzira anthu. Anasunga lambayo pafupifupi theka la chaka. Pa 4 Okutobala, tsiku limene SmackDown inayamba kuulutsidwa pa Fox, anamuika ndi Brock Lesnar, ndipo anadumphira m'manja mwake, n'kuponyedwa pansi kamodzi, n'kuluza m'masekondi osakwana 10. Anachita zimenezi kuti apeze nthawi yotulutsa Cain Velasquez, amene anangomenya kamodzi kokha pa kanema wa kampaniyo asanachotsedwe ntchito. Kofi sanapatsidwenso mwayi wobwereza nkhondoyo.

A Gondwe:
Ndikudabwa kuti tafika pano osatchula Montreal. Pa 9 Novembala 1997, pa Survivor Series, Bret Hart anali ndi lamba wa WWF koma anali atasaina kale kupita ku WCW, McMahon atamuuza kuti sangakwanitsenso mgwirizano wa zaka 20 umene anapangana chaka cham'mbuyo. Bret anakana kuluza kwa Shawn Michaels, amene ankadana naye zenizeni, pamaso pa anthu akwawo ku Canada, ndipo mgwirizano wake unkamupatsa mphamvu yokhala ndi chonena pa nkhani zake m'masiku 30 omaliza. Anagwirizana kuti mpikisanowo uthe mwachisokonezo popanda wopambana. Koma Michaels atangomukola ndi Sharpshooter, yomwe inali njira ya Bret yemweyo, woyimbira Earl Hebner analamula kuti belu lilire ngakhale Bret sanagonje, McMahon ali pambali pa bwalo akukalipira woliza belu. Hebner anathawa mubwalo n'kutuluka m'nyumbayo, Michaels anatuluka ndi lamba akunamizira kudabwa, ndipo Bret analavulira McMahon kumaso, n'kulemba zilembo za WCW m'malere ndi chala, n'kuphwanya makanema a oulutsa. Kuchipinda chovalira anamumenya chibakera n'kumusiya ndi diso lotupa. M'ntchito imene munthu amapereka khosi lake kwa mnzake pokhulupirira zimene apangana, bwana kunamiza wantchito wake wa zaka 14 pamaso pa dziko ndi chinthu chachikulu.

Mayi Nachisale:
A Gondwe, apa ndisiyana nanu. Montreal inali nkhanza, koma sindikuiona ngati chochititsa manyazi mofanana ndi zinazi, chifukwa McMahon anali ndi chifukwa chimene munthu angachimvetse ngakhale osachivomereza. Mu Disembala 1995 Alundra Blayze anapita ku WCW ndi lamba wa amayi wa WWF n'kumuponya m'bini pa pulogalamu ya Nitro, ndipo McMahon sankafuna kuti zoterozo zichitikire lamba wake wamkulu panthawi imene kampani yake inkagonja kwa WCW sabata iliyonse pa chiwerengero cha owonerera. Komanso zotsatira zake zinamukomera: chidani chimene anthu anamusonyeza anachisandutsa munthu wa m'sewero, bwana wankhanza, amene mkangano wake ndi Steve Austin unadzutsa kampaniyo. Amene anachita manyazi ndi a WCW, amene analandira munthu wokambidwa kwambiri m'masewerawa n'kusowa chochita naye. Pa Starrcade ya pa 28 Disembala 1997, atakonzekera nkhondo ya Sting ndi Hogan kwa chaka chathunthu, woyimbira Nick Patrick amayenera kuwerenga mothamanga kuti Bret abwere kudzatsutsa chinyengo. Patrick anawerenga bwinobwino, choncho anthu anaona Hogan akupambana mwachilungamo, kenako Bret akudandaula za chinyengo chimene palibe anachiona.

Nangozo:
Ndazengereza kulemba izi chifukwa si nkhani yoseketsa, koma mutu wathu ukunena za zoipitsitsa, ndipo palibe choposa cha pa 23 Meyi 1999 ku Kemper Arena mumzinda wa Kansas City. Owen Hart, mng'ono wake wa Bret, mmodzi mwa aluso kwambiri a m'badwo wake, anapatsidwa sewero la Blue Blazer, ngwazi yoseketsa yovala chigoba ndi mkanjo. Anakonza zoti atsitsidwe ndi chingwe kuchokera kudenga, ndipo kuti adzimasule msanga akafika pansi anagwiritsa ntchito kachitsulo komasuka mosavuta. Kachitsuloko kanamasuka ali pamwamba, ndipo anagwa mamita pafupifupi 24, n'kumenyetsa chifuwa pa chingwe cha ringi. Oonera kunyumba sanaone kugwako chifukwa panthawiyo ankaonetsedwa kanema wojambuliratu, koma Jim Ross anawauza kuti zimene zachitikazo si mbali ya sewero, ndipo patapita nthawi analengeza kuti Owen wamwalira. Anali ndi zaka 34. Chionetserocho chinapitirira mpaka kumapeto. Anzake, ena akulira, anatumizidwa kukamenyana mu ringi yomweyo, Undertaker anatenga lamba kwa Austin, ndipo anthu amene anali m'bwalomo sanauzidwe kuti munthu amene anamuona akunyamulidwa wamwalira. Mkazi wake Martha anasumira kampaniyo, ndipo mu 2000 anagwirizana chipukutamisozi cha madola 18 miliyoni.

Bambo Mbewe:
Pa nkhani ya Owen ndikuvula chipewa, ndipo sindingaiike pa mndandanda umodzi ndi munthu wopunthwa pa thabwa. Komabe ena amanena kuti kuimitsa chionetsero mwadzidzidzi, anthu masauzande ambiri ali m'nyumba imodzi, kukanabweretsa chipwirikiti, ndipo akuluakulu anali ndi mphindi zochepa zoganizira. Sindikunena kuti anachita bwino, koma ndikufuna timve mbali imeneyonso.

Mayi Nachisale:
Bambo, mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene amatenga phindu chionetsero chikayenda bwino ndi yemwenso ayenera kuima pa maikolofoni n'kuuza anthu kuti mnzathu wamwalira, bwererani kunyumba, ndalama zanu tibweza. Masewera a mpira amaimitsidwa wosewera akakomoka pabwalo, ndipo anthu amatuluka mwamtendere. Ndikufunanso muone mmene nkhaniyi ikulumikizirana ndi ya Arquette imene ndinayamba nayo. Slamboree ya pa 7 Meyi 2000 inachitikira mu Kemper Arena momwemo, chaka chisanathe chimwalirire Owen. Kumapeto kwa usikuwo WCW inakonza kuti Mike Awesome aponye Chris Kanyon kuchokera pamwamba pa khola lachitsulo kugwera panjira yolowera, ndipo oulutsa analankhula ndi mawu achisoni ngati munthu wavulala koopsa. Pansipo anali atakonzapo kuti asapweteke, koma m'bwalomo munali anthu ena amene anaona Owen akugwa. Pa anthu onse amene anakhala pa msonkhano wokonza chionetserocho, palibe amene anaima n'kunena kuti m'nyumba ino ayi.

A Chirwa:
Popeza nkhani ya Arquette yabweranso, tisamuiwale Russo pa Brawl for All ya 1998, pamene anali akadali ku WWF. Anatenga amuna 16 a kampaniyo, n'kuwaveka magolovesi, n'kuwauza kuti amenyane nkhonya zenizeni, maraundi atatu a mphindi imodzi iliyonse, popanda kukonzeratu wopambana. Anthu amene anaphunzira kumenya mosapweteka anayamba kutopa m'masekondi ochepa, akukumbatirana ndi kuponya zibakera zam'malere, owonerera n'kumakuwa kuti akufuna resilini. Angapo anavulala. Akuluakulu ankayembekezera kuti apambana ndi Steve Williams, amene ankafuna kudzamuika ndi Austin, koma Bart Gunn anamukomola ndi dzanja lamanzere, Williams n'kung'ambikanso mnofu wa mwendo, ndipo mapulani onsewo anafera pomwepo. Gunn anakomolanso Godfather ndi Bradshaw n'kutenga mpikisanowo. Mphoto yake yeniyeni inali kumuika ndi Butterbean, katswiri wa nkhonya, pa WrestleMania XV ku Philadelphia pa 28 Malichi 1999, kumene anakomoledwa m'masekondi 35. Kampani inawononga munthu amene inkamufuna, kenako inawononganso amene anapambana.

A Gondwe:
Russo ali ndi milandu yambiri, kuphatikizapo kudzipatsa yekha lamba wa WCW pa 25 Seputembala 2000, komanso zimene zinachitika pa Bash at the Beach mu Julayi chaka chomwecho, pamene Jarrett anagona pansi kuti Hogan amuponde, Russo n'kubwera kudzanyoza Hogan pa maikolofoni mpaka nkhaniyo inakafika kukhoti. Koma tisamusenzetse zonse, chifukwa anafika ku WCW mu Okutobala 1999, ndipo chisokonezo anachipeza. Taonani Halloween Havoc ya pa 25 Okutobala 1998 ku Las Vegas, iye kulibe. Hogan ndi Warrior anabwereza nkhondo yawo ya 1990, ndipo pena Hogan amayenera kuponyera Warrior moto kumaso pogwiritsa ntchito kapepala koyaka msanga. Anagwada pakona akulimbana ndi laita imene inkakana kuyaka, Warrior akudikira, ndipo kapepalako katayaka kanapsereza Hogan yemweyo kumaso. Chionetserocho chinapitirira nthawi imene anagwirizana ndi makampani otumiza kanema m'nyumba, moti m'madera ambiri chithunzi chinazima pamene Goldberg ndi Page ankangoyamba kumene mpikisano waukulu, umene unali wabwino kwambiri usikuwo. Anthu analipira, anaonera Hogan akulimbana ndi laita mpaka kumapeto, koma chimene analipirira sanachione. WCW inakakamizika kubweza ndalama kwa ogula ambiri ndi kuonetsa mpikisanowo kwaulere pa Nitro tsiku lotsatira, zimene zinakwiyitsanso amene kwawo chithunzi sichinazime, poona kuti alipirira chinthu chimene anzawo apatsidwa ulere. Mu 2000 kampaniyo inaluza madola oposa 60 miliyoni, ndipo mu Malichi 2001, Jamie Kellner, mkulu woyang'anira matchanelo a TNT ndi TBS, atachotsa mapulogalamu a WCW pa matchanelowo, McMahon anaigula pa mtengo wosakwana madola 5 miliyoni.

Che Saidi:
A Gondwe, pa nkhondo ya Hogan ndi Warrior mwaiwala mmene inathera. Amene anabwera kudzamenya Warrior ndi mpando anali Horace, mwana wa m'bale wake wa Hogan, amene sabata yomweyo Hogan anamumenya pa Nitro mpaka kumutumiza kuchipatala. Bischoff anagwira woyimbira pakhosi kuti asaone. Warrior, amene analipidwa ndalama zambiri kuti abwere, anangomenya mipikisano itatu yokha mu WCW, ndipo pofika kumapeto kwa chaka chimenecho anali atapita.